Mlomo, Mphuno, Chipumi

Lolemba, 15 Julho

Andigoneka lero ku sala ya odwala maso, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kaderno iyi wandipatsa namwino wina ataona kuti ndikungopotokola mapepala a chipatala m'manja. Ndikulemba ndi cholembera chonenepa, zilembo zikuluzikulu ngati za pa thumba la feteleza.

Ndine Elina, zaka 21, kwathu ku Ntengo-Wambalame. Beira ndi kutali: chapa, kaminibasi kakwathu, mpaka ku Tete, kenako basi tsiku lonse. Andiperekeza ababa, a Osório. Amama atsala ndi dimba la mbatata ya kachewere.

Presau ya diso lamanja, kulimba kwake: 38. Imayenera kukhala pansi pa 20. Lamanzere sayeza n'komwe, linazima ndili khanda.

Nthenda yanga madotolo amaitcha glaucoma, ndinabadwa nayo. M'diso mumapangika timadzi, ndipo timafunika potulukira. Anga maso anabadwa opanda njirayo. Madzi akadzaza, diso limalimba n'kumapha mtsempha woonera pang'onopang'ono, mwakachetechete. Ababa amati ndi dimba lopanda ngalande. Ndili ndi zaka 6, ku chipatala cha ku Malawi anandiika katubo kakang'ono m'diso lamanjali, kolumikiza ku kambale kobisika pansi pa chikope, kuti madziwo azitulukira pamenepo. Kandisunga zaka 15. Tsopano katopa, ndipo diso ndili nalo limodzi lomweli.

Lachiwiri, 16 Julho

Andiona a dotora Baptista, mayi wamfupi wa imvi, wolankhula msanga ngati akuthamangira chapa. Anandiunika nthawi yaitali.

“O tubo está aberto,” anatero, kenako anatembenukira kwa ababa n'kulankhula pang'onopang'ono. Katubo sikanatsekeke ayi. Koma thupi lamanga chipsera chokhuthala kuzungulira kambale kaja, ndiye madzi akafika pamenepo akusowa kolowera.

“Ngalande ili bwino, koma kumathero kwadzaza matope,” ababa anandimasulira chonong'ona, ngati kuti ine Chipwitikizi sindichimva. Décima, kalasi la khumi, ndinamaliza ine, iwo analekera terceira, lachitatu.

Mankhwala: timolol kawiri pa tsiku, dorzolamida katatu, ndi mapiritsi a acetazolamida. Mapiritsiwo akundichititsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndipo chakumwa chilichonse chikukoma ngati msomali.

Andiyezanso kukula kwa malo amene ndimaona. Kutsogolo ndikuona, koma m'mbali mwadyeka, makamaka m'munsi. Ndinafunsa ngati zibwerere. A dotora sanazungulire: zomwe zapita zapita, ntchito yawo ndi kusunga zotsalazo. Madzi akatayika saoleka. Ndalira pang'ono ku bafa, kenako ndadya mpunga wanga wonse.

Lachitatu, 17 Julho

Muno anthu amalankhula Chisena ndi Chindau, ndiye ndinangokhala duu ngati nkhuku yogula. Masana ndamva pa bedi loyandikana nalo munthu akukalipira mwana: “Iwe, taleka kukanda, ufuna undiphe ndi mtima?” Ndinatsala pang'ono kumukumbatira.

Ndi mayi Lurdes a ku Chidzolomondo, ku Macanga. Mwana wawo Graça ali ndi miyezi 7, nthenda yake ndi yangayi. Maso ake ndi aakulu, otuwa pang'ono, amangotuluka misozi, ndipo akaona kuwala amabisa nkhope m'khwapa mwa amake.

“Mudzi wonse umamuyamikira, ati maso okongola ngati a mwana wa ng'ombe,” anatero a Lurdes. “Inenso n'kumanyada, chitsiru ine.”

Ndinawauza kuti amama ananyadanso chimodzimodzi mpaka diso langa limodzi linapita. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ndiye inu munali ngati uyu? N'kukula chonchi, mpaka kumalemba m'kaderno?”

Ndinati inde. Anatulutsa mtedza wokazinga m'kansalu n'kundithirira m'manja mpaka kutayikira pansi.

Presau: 35.

Lachinayi, 18 Julho

Dzulo a dotora anafunsa kuti anazindikira ndani kuti diso lalimba, poti ine sindinkamva kupweteka. Ababa anangoyang'ana chipewa chawo. Ndilembe pano, chifukwa nkhaniyi ikundilemera.

Atandiika katubo koyamba, dotolo wa ku Malawi uja anadziwa kuti kwathu kulibe makina oyezera. Anaphunzitsa ababa kuyeza ndi zala. Ndimatsinzina, kuyang'ana pansi, iwo n'kuika zala ziwiri zamkombaphala pa chikope, kudina mosinthanasinthana pang'onopang'ono. Likafewa ngati mlomo, lafewetsa. Likakhala ngati nsonga ya mphuno, zili bwino. Likalimba ngati chipumi, thamangani ku chipatala. M'mawa uliwonse asanatenge khasu ankandiitana: “Iwe Elina, bwera nalo diso.” Zala zawo zinkazizira, zinkanunkha dothi ndi utsi. Kawiri konse ananena kuti chipumi, kawiri konse ku chipatala anapeza kuti n'zoona.

Nditatha msinkhu, azakhali ndi anamkungwi anandilangiza: kuchipinda kwa makolo osalowanso, bambo ako osawayandikira, iwonso sakukhudza. Azakhali anapita kwa ababa kukawauza kuti zogwiragwira mwana wamkazi kumaso zithe, anthu angayambe kulankhula. Ababa anamvera. Kuyambira tsikulo sindinalinso iwe Elina, ndinakhala a Nangozo, wolankhulidwa ali chapatali.

Amama anayesa kutenga ntchitoyo. Koma amama amaopa diso, amangolisisita ngati dzira, ndipo yankho lawo linali limodzi chaka chonse: mphuno. Ankanena zomwe mtima wawo unkafuna.

Nanenso ndisadziyeretse. Ndinasangalala kuti zala zozizira zija zandichoka. Ku Tete ndinkayenera kukayezetsa kawiri pa chaka, koma zaka ziwiri zapitazi sindinapiteko. Ndinkaona bwino, ndinkaluka zipewa zanga zaubweya n'kumagulitsa pa msika wa Tsangano, ndinali pa chibwenzi ndi Quintino. Za chipatala ndinkaziona ngati za ubwana.

Pa 6 mwezi uno, Loweruka, ankhoswe a Quintino anabwera kudzaonekera kwathu. Ndinagwada kuti ndiwasambitse m'manja. Madzi onse ndinathira pa nsapato za amalume ake, basiya ili pambali, ine osaiona. Anthu anaseka, ati manyazi a mbeta. Ababa sanaseke. Anadzuka pa mpando, kudutsa pakati pa alendo, n'kunena mawu omwe ndinali ndisanawamve zaka zisanu ndi ziwiri:

“Iwe Elina, bwera nalo diso.”

Anandigwira kumaso pamaso pa ankhoswe, pa azakhali, pa onse. Zala zawo zinadina kawiri, katatu.

“Chipumi,” anatero. “Pepani alendo, nkhani ya ukwati idikire.”

Ndinawakwiyira mpaka ku Tete. Kumeneko makina anati 41, ndipo anatilembera kalata yobwera kuno.

Lachisanu, 19 Julho

Ayesa njira yaing'ono kaye. Anandidontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa kasingano kung'amba chipsera chija. Sizinapweteke, koma ndinkamva kukokakoka. Madzulo presau 19! Ababa anagula pau ziwiri, timabuledi, imodzi anapatsa a Lurdes.

Loweruka, 20 Julho

27. A dotora anangoti tione mawa.

Lamulungu, 21 Julho

34. Chipsera chatsekanso.

Azakhali aimba pa foni ya ababa. Ababa anaitsitsa mawu, koma azakhali safuna foni kuti amveke. Ati kwa a Quintino akunena kuti banja lathu lili ndi miyambo yachilendo, komanso bwanji sitinanene poyera kuti mkaziyo akhoza kuchita khungu. Bodza limenelo, Quintino ndinamuuza tsiku loyamba, diso lamanzere silibisika. Koma mwini wakeyo foni yake siikupezeka kuyambira Lachinayi.

Ndakwiya. Ndakwiyira azakhali, Quintino, diso, ngakhale nyanja yomwe aliyense akuti ndikaione ndisanabwerere. A Lurdes anati: “Mwamuna akathawa diso limodzi, akanathawanso mimba yoyamba. Idyani mtedza.”

Kunabwera amayi a mpingo wina kudzapemphera, anatigawira malalanje. Nyimbo zawo sindinazimve mawu, koma zinandikhazika mtima pansi.

Lolemba, 22 Julho

Aganiza zoika katubo kachiwiri Lachitatu. Kakale akasiya pomwepo, katsopano akaika mbali ya m'munsi, chakumphuno. Pamwamba pake aphimba ndi kachigamba kochokera ku diso la munthu amene anamwalira atalola kuti maso ake adzathandize ena. Sindidzamudziwa dzina. Ndamupempherera, iye ndi abale ake.

A dotora anandiwerengera zoopsa zonse osabisa: diso likhoza kufewa mopitirira, likhoza kutaya magazi mkati, likhoza kulowa matenda. Tikapanda kuchita kanthu, chaka sichitha ndisanazime. Ndasaina.

Ndisanayezedwe lero ndinawafotokozera za zala za ababa. Anakweza nsidze, n'kuitana ababa kuti alowe. “Mostre-me, senhor Osório.” Ndionetseni. Ababa anayang'ana kukhomo ngati azakhali abisala kumeneko. Anapukuta manja pa buluku, a dotora anawaloza pa mpopi kuti asambe ndi sopo, kenako anandigwira.

“Sichinafike pa chipumi chenicheni,” anatero. “Koma mphuno tayipitirira kutali.”

Makina anati 33. A dotora anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati zala si makina, zimatha kunama, ndipo munthu asaleke kupita ku chipatala chifukwa cha zala. Koma anawonjezera kuti pakanapanda zala zimenezi, bwenzi ndikubwera kuno chaka chamawa atandigwira dzanja. Ababa anangoti, “Obrigado, dotora,” n'kutuluka msangamsanga ngati awapeza ndi mlandu.

Sindinawapepesebe chifukwa cha mkwiyo wa pa njira ya ku Tete. Mawu ake akundikanika.

Lachiwiri, 23 Julho

Graça analowa ku operasau m'mawa. Iye sanamuike katubo, angomutsegulira njira ya madzi m'maso onse awiri. Katubo ndi ka mtsogolo ngati izi zitakanika. A Lurdes anakhala pa bedi langa maola atatu akundifinya dzanja, pakamwa pawo pali tseke koyamba chiwadziwireni. Mwana watuluka bwino, akuyamwa.

Ine kuyambira usiku uno osadya kanthu.

Lachitatu, 24 Julho, m'mawa

Ndayang'anitsitsa zinthu, mwina n'kutsiriza. Mtengo wa pawindo, chitenje chachikasu cha a Lurdes, khutu la ababa lomwe linang'ambika ndi waya. Ndili ndi mantha, ndisaname. Akubwera ndi kabedi kamatayala.

Lachinayi, 25 Julho

Ndikulemba osaona. Diso alimata. Mizere ikakwerana, ikwerane. Mutu ukuwawa. Ababa andimwetsa phala ndi supuni.

Lachisanu, 26 Julho

Amatula. Kuwala kulipo, Mulungu alemekezeke, koma zonse zili ngati nkhungu ya kwathu m'mawa wa Junho. Presau: 5. Tsopano lafewetsa, madzi akutuluka mopitirira.

“Mlomo,” ndinauza ababa. Sanaseke.

Malamulo: osawerama, osanyamula kanthu, osatsokomola mwamphamvu, osakhudza diso, kugona ndi kachigoba kapulasitiki. Mankhwala otsitsa presau onse aimitsa. Tsopano ndi prednisolona maola awiri aliwonse, wopha tizilombo kanayi, ndi atropina. Likapanda kudzaza lokha pofika Lolemba, andibwezera ku operasau.

Loweruka, 27 Julho

6. Kuona maso a nkhono n'kudekha, atero a Lurdes. Iwo kudekha amakudziwira kuti?

Nthawi ya alendo ndinamva fungo ndisanaone munthu: dothi lonyowa, masaka, dizilo. Fungo la kwathu. Chithunzi chachitali chinaima kumapazi kwa bedi, chipewa m'manja.

“Elina, ndine.”

“Ndinu ndani? Ine anthu ozimitsa foni sindiwadziwa.”

Quintino. Anakangana ndi amalume ake masiku awiri, kenako anapempha malo pa lole yonyamula kachewere kubwera ku Beira, iye ngati wokweza ndi kutsitsa matumba. Lole inafera pa Catandica, anagona pamenepo sabata yathunthu, foni inatha moto. Wabwera ndi kathumba ka kachewere wa m'dimba la amama, ati amama anamuthamangira nako mpaka pa msewu.

“Nanga amalume anu?” ndinamufunsa.

“Nsapato zawo zinauma kalekale,” anatero. “Otsala ndi mavuto awo.”

Ndinafuna kuseka koma andiletsa kugwedeza diso. A Lurdes anamuzungulira ngati akugula mbuzi, n'kunena mokweza kuti ndi woonda koma aoneka ngati amamva. Ababa anamupatsa moni waulemu ali chapatali, kenako anatuluka kukakhala panja. Chichitikireni zija anali asanaonane.

Lamulungu, 28 Julho

8. Nkhungu ikuchepa. Quintino anakapempha mayi wina wogulitsa chakudya pa geti kuti atiphikire kachewere uja. Sala yonse yadya, mpaka anamwino. Mayi wina wa ku Búzi anafunsa ngati kwathu kuli mnyamata wina wotere.

Lolemba, 29 Julho

11! Diso ladzaza lokha, sindibwereranso ku operasau. Ndawerenga mizere inayi pa chikwangwani cha zilembo, monga ndinkachitira ndisanabwere. Ndatsegula tsamba la Lachinayi lija: mawu akwerana ngati mbuzi m'khola, koma ndawawerenga.

A Lurdes atuluka lero. Maso a Graça ayamba kuyera, ndipo m'mawa anayang'ana pawindo osabisa nkhope. Abwerenso pakatha mwezi. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti tsiku la chipatala asadzaliphonye ngakhale mwana akuoneka bwino chotani, ngakhale fodya ali pa chigafa. Anati, “Mwayamba kulankhula ngati dotora.” Anandisiyira kansalu ka mtedza kaja. Bedi lawo likundisowetsa mtendere.

Lachiwiri, 30 Julho

12. Mawa ndituluka.

A dotora anatiitana tonse atatu. Anati ndisaganize kuti nkhani yatha. Pakatha milungu itatu kapena isanu ndi umodzi presau imakonda kukweranso pomwe thupi likumanga chipsera chatsopano, ndiye ndikayezetse ku Tete milungu iwiri iliyonse, kenako mwezi uliwonse, kenako kanayi pa chaka mpaka kukalamba. Katubo aka kakhoza kundisunga zaka khumi kapena kupitirira, kakhozanso kutopa msanga. Diso lisakhudzidwe mpaka iwo kapena a ku Tete atalola. Likadzapola, zala zibwerere, m'mawa uliwonse.

“Quem vai fazer?” anafunsa. Adzachita ndani?

Ndinayang'ana ababa. Iwo anayankha m'Chichewa, ine n'kumamasulira.

“Auzeni kuti ine ndachita mbali yanga. Mwanayu akupita ku nyumba yake, sindingamagogode pa khomo la eni m'mawa uliwonse. Komanso zala zangazi zayamba kuuma, chaka chino ndi chamawa sizidzamvanso kanthu.” Kenako anawonjezera: “Ndinalakwa kumvera alongo anga osasiyira munthu wina ntchitoyi bwinobwino. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkangoliyang'anira patali diso la mwana wanga. Kachiwiri ayi.”

Mbali yomalizayi sindinathe kuimasulira. A dotora sanafunsenso.

Tili pa khonde ndinati, “Ababa, pa njira ya ku Tete paja ndinalankhula zoipa.” Anati, “Munalankhula chiyani? Lija linali phokoso la chapa, sindinamve kanthu.”

Lachitatu, 31 Julho

12. Mankhwala alongedza, makalata a ku Tete ali m'chikwama. Basi ndi ya mawa m'mamawa. Ndathokoza anamwino mmodzimmodzi. A dotora Baptista ndawapatsa chipewa chaubweya chomwe ndinaluka kwathu; kuno kotentha sindikudziwa adzachivala liti, koma anachivala pomwepo mpaka kulowa nacho mu sala.

Tikudikira kalata yomaliza, ababa anakhala pa benchi ya panja n'kuitana Quintino. Chiyambire sanakhalepo pa mpando umodzi. Quintino anafuna kunjuta pansi, ababa anamenya benchi ndi dzanja kuti akhale pompo.

“Kasambeni m'manja ndi sopo.”

Anapita, anabwera.

“Gwirani mlomo wanu. Dinani. Tsopano nsonga ya mphuno. Tsopano chipumi. Mwamva kusiyana kwake?”

“Ndamva, ababa.”

“Diso la mwanayu silinapole, simungaphunzirirepo.” Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, anatsinzina, nkhope anailozetsa kwa iye. “Phunzirirani pa langa.”

Quintino anandiyang'ana ngati akupempha kuti ndimupulumutse. Kwathu mkamwini ngakhale mbale sadyera imodzi ndi apongozi, nanji kuwagwira kumaso.

“Ababa, ine zimenezi...”

“Ine ndinachita manyazi zaka zisanu ndi ziwiri, mwaona pomwe zatifikitsa. Gwirani, akamwini.”

Aka kanali koyamba kumutchula choncho. Quintino anaika zala ziwiri pa chikope cha diso lawo lamanja.

“Mukusisita ngati amake. Dinani, silisweka. Chala ichi, kenako icho. Eya. Mwapeza chiyani?”

Quintino anadina, anagwira mphuno yake, anadinanso.

“Mphuno.”

“Mukunena kuti mundisangalatse, kapena mwamva?”

“Ndamva, ababa. Mphuno.”

“Bwerezani. Mpaka ku Tete muzibwereza pa malo alionse pomwe basi iime.”

Anabwereza kasanu. Anthu odutsa ankaima kuonerera, ababa osasamala. Pomaliza anatsegula maso n'kuwapukuta ndi chipewa.

“Muli ndi zala zolemera, akamwini, mwanditulutsa misozi.”

Quintino anayamba kupepesa. Ine ndinali kutsogolo kwawo, mapazi atatu okha, ndipo diso langa linaona bwinobwino: misozi inkatsika mbali zonse ziwiri, ndi ku diso lomwe Quintino sanaligwire.